SITIMA YA PA NJANJI, UTSI WAKE NDI MVULA YATHU

Kuno ku Maravia kulibe njanji. Munthu akhoza kubadwira ku Fingoè, kukulira komweko mpaka kumera imvi, osaiona sitima ya pamtunda ndi maso ake. Amene anafikako ku Moatize ndiwo amatisimbira. Amati ndi chinjoka chachitsulo, ndipo ukaima pambali kuti chidutse, miyendo imatopa mchira wake usanafike. Ena amaitcha komboyo, monga amanenera pa Chipwitikizi.

Nanga tiphunziriranji za chinthu chimene sichidutsa pamudzi pathu? Chifukwa chake chili m'munda. Utsi suima pa malire a boma kapena a dziko, ndipo utsi ndi mvula zili pa chibale. Tiyeni tiyambire pa mafuwa.

MPWEYA UMENE SITIUONA

Tikasonkha moto timaona utsi wakuda. Chimene timaonacho ndi mwaye ndi timaphulusa. Koma pamodzi ndi utsiwo pamatulukanso mpweya wina wosaoneka, wopanda fungo. Dzina lake ndi mpweya wa kaboni. Nkhuni, makala, malasha, palafini ndi dizilo, zonsezi zili ndi kaboni m'kati mwake. Makala amene timaotcha ku thengo ndi kaboni pafupifupi yekhayekha. Kaboni akapsa amagwirana ndi mpweya wabwino umene timapumawu, n'kukwera kumwamba.

Kumwambako mpweya umenewu umachita ngati gombeza. Masana dzuwa limatenthetsa nthaka. Kutenthako kumayenera kubwerera kumwamba, koma gombeza lija limagwirako kwina. Gombeza limodzi m'mwezi wa Juni ndi labwino, popanda ilo dziko likanazizira koopsa. Koma taganizani munthu atakufunditsani magombeza atatu mu Okutobala.

Mafakitale asanayambe, zaka zoposa 200 zapitazo, pa timagawo 1,000,000 ta mpweya, timagawo 280 tinali ta kaboni. Lero tapitirira 420. Gombeza lakhuthala ndi theka. Chakhuthalitsa kwambiri ndi malasha ndi mafuta, chifukwa kaboni wake anali gone pansi pa nthaka kwa zaka zosawerengeka, ndipo anthu amukumba ndi kumuotcha m'mibadwo yowerengeka chabe.

Sitinena kuti chilala chilichonse chimadza ndi utsi. Agogo athu ankadziwa chilala kalekale, ndipo ambiri a inu mukumbukira cha 1992. Koma akatswiri a za nyengo apeza kuti dziko likatentha, nthaka imauma msanga, ndipo nyanja yofunda imapatsa namondwe madzi ochuluka. Tinaona Idai ataphwasula Beira mu Malichi 2019. Tinaona Ana atagwetsa mlatho wa pa Revuboè, pakati pa Tete ndi Moatize, mu Januwale 2022. Tinaona chimanga chikufota m'minda mu 2024.

Tisaiwale kunena kuti Mozambique si ndiye analikhuthalitsa gombezali. Pa malasha ndi mafuta, munthu mmodzi wa kuno safikitsa theka la tani pa chaka, pamene pa dziko lonse lapansi munthu mmodzi amafika pafupifupi matani 5. Komabe njanji zimene tikuti tikambezi zili m'chigawo chathu cha Tete, ndipo tiyenera kuzidziwa.

NJANJI ZIWIRI ZA KU MOATIZE

Yoyamba ndi njanji ya Sena. Imachoka ku Moatize, kutsata Zambezi mpaka ku Mutarara, kuoloka pa mlatho wa Dona Ana, n'kukafika ku doko la Beira. Ulendo wake ndi makilomita 575. Mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa mu 1935, ndipo kutalika kwake kumapitirira makilomita atatu ndi theka. Njanji inafika ku Moatize mu 1949. Atsamunda sanaimangire mlimi. Anaimangira malasha, thonje ndi shuga kuti zifike ku nyanja. Pa nkhondo ya m'ma 1980 njanjiyi inaonongeka, udzu ndi mitengo zinamera pakati pake, ndipo malasha anayambanso kuyendapo mu 2011.

Yachiwiri ndi njanji ya Nacala. Imachoka ku Moatize komweko, kulowa m'Malawi, kudzera ku Nkaya ndi ku Liwonde, kubwereranso m'dziko lathu pa Entre Lagos, kupyola Cuamba ndi Nampula mpaka ku doko la Nacala-a-Velha. Ulendo wake ndi makilomita 912. Inatsegulidwa mwa mwambo mu 2017. Kampani ya Vale ya ku Brazil ndiyo inatsogolera ntchito yomanga, ndipo mu 2022 inagulitsa mgodi pamodzi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan, ya eni ake a ku India.

Pa njanji ziwirizi palibe sitima yoyendera nthambo za magetsi. M'dziko lonse la Mozambique mulibe. Zonse zimamwa dizilo.

MUTU WA SITIMA UMADYA CHIYANI?

Sitima zakale zinkadya malasha kapena nkhuni. Munthu ankaponya malasha m'ng'anjo ndi fosholo, madzi ankawira, ndipo nthunzi inkakankha magudumu. Zinali zadyera. Pa mafosholo khumi a malasha, limodzi lokha kapena osakwana ndilo linkakoka katundu. Otsalawo ankathera m'kutentha ndi mu utsi.

Sitima ya dizilo ndi yosamalako, koma nayonso imatulutsa kaboni. Tamvani chodabwitsa. Lita imodzi ya dizilo sikwana kilogalamu imodzi polemera. Koma ikapsa imatulutsa mpweya wa kaboni wolemera makilogalamu 2.7. Zitheka bwanji? Kumbukirani kuti kaboni akamapsa amagwirana ndi mpweya wa kunja. Zili ngati ufa: ufa wa m'mbale ndi wopepuka, koma nsima yake ndi yolemera chifukwa yamwa madzi.

Ngakhale zili choncho, sitima imamwa pang'ono tikaiyerekeza ndi lole. Amene muli ndi ngolo za ng'ombe mukudziwa kale chifukwa chake. Pa mchenga wa mumtsinje ng'ombe zimafupika, magudumu akutitimira. Pa nthaka youma gwa ng'ombe zomwezo zimayenda mosavutika ndi katundu yemweyo. Tayala la lole ndi la mpira, limaphwatalala pa msewu, ndipo mphamvu yambiri imathera pamenepo. Gudumu la sitima ndi chitsulo, likugubuduka pa chitsulo chinzake chosalala. Malo amene zikhudzana ndi ochepa ngati kandalama kachitsulo. Ndiponso njanji amaimanga molambalala zitunda, ndipo mabogi amabisalana ku mphepo, lina kumbuyo kwa linzake. Chifukwa cha izi, lita imodzi ya dizilo imapititsa katundu patali katatu kapena kanayi pa njanji kusiyana ndi pa msewu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Sitima ya malasha ya ku Nacala imakoka mabogi 120. Bogi limodzi limanyamula matani 60 ndi pang'ono. Lole yaikulu imanyamula matani 30. Ndiye kuti bogi limodzi ndi malole awiri, ndipo sitima imodzi ndi malole 240.

Pa dziko lonse lapansi, pa magawo 100 a mpweya wa kaboni wotuluka m'zoyendera, sitima za pa njanji zimatulutsa pafupifupi gawo limodzi lokha. Wochuluka umachokera m'magalimoto a pa msewu.

KUCHEPETSA UTSI KUYAMBIRA PATI?

Njira yoyamba siili m'mutu wa sitima ayi, ili pa msewu. Amene munapitako ku Tete, mutangotuluka msewu wathu pa Bene munakumana ndi malole ondondozana, ochokera ku Zambia kudzera pa Cassacatiza. Ena amachokera ku Malawi kudzera pa Zóbuè. Anyamula mkuwa, feteleza, mafuta, fodya, ndipo ambiri akupita ku Beira kapena akuchokako. Katundu yense amene angachoke pa lole n'kukwera sitima ndiye kuti dizilo wake wachepa ndi theka n'kupitirira, ngakhale sitimayo ikhale yakale. Misewu nayo imapuma, maenje amachepa.

Nanga eni katundu amakonderanji malole? Si kupusa. Lole imafika pakhomo penipeni, ndipo imanyamuka tsiku limene mwapangana. Sitima ikamachedwa, kapena katundu akamagona masabata pa sitesheni, wamalonda amaithawa. Madzi osefukira anadula njanji ya m'Malawi pa Chiromo mu 1997, ndipo kwa zaka zambiri katundu wa dzikolo wopita ku Beira anayenda pa msewu wokhawokha. Tsono kukonza milatho, kusintha njanji zotha ndi kusunga nthawi, imeneyonso ndi ntchito yochepetsa utsi, ngakhale sionekera.

Palinso zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku. Woyendetsa waluso salilitsa injini pachabe sitima itaima, ndipo sathamangitsa kuti akamange mabuleki patsogolo pomwepa. Injini yosamalidwa imamwa pang'ono. Chimene chimatipweteka mtima ife ndi mabogi obwerera opanda kanthu. Sitima ya malasha ikakhuthula ku doko imabwerera makilomita 912 ili gwagwa. Mlimi sangalole ngolo yake kubwera yopanda kanthu kuchokera ku msika ngati pali thumba la mchere loti anyamule.

Koma njira yaikulu ndi magetsi, ndipo apa tichedwepo.

Ambiri sadziwa kuti sitima ya dizilo imayenda kale ndi magetsi. Injini yake sizunguza magudumu. Imazunguza jenereta, jenereta imapanga magetsi, ndipo magetsiwo ndiwo amazunguza mamota amene ali pa magudumu. Mutu wa sitima uli ngati munthu woyenda atasenza chitsime chake. Tsono akamanga nthambo pamwamba pa njanji, mutuwo umatula injini ndi thanki ya mafuta. Pa denga pake amaikapo mkono wachitsulo umene umakhudza nthambo, ndipo umatunga magetsi uku ukuyenda. Utsi palibe.

Pali phindu linanso. Sitima yolemera ikamatsika phiri, mamota aja amatembenuka n'kuyamba kupanga magetsi, ndipo potero amaigwira kuti isathamange. Pa sitima ya dizilo magetsi amenewa alibe kopita, amangowataya ngati kutentha. Pa sitima ya nthambo akhoza kubwerera m'nthambo, n'kukathandiza sitima ina imene ikukwera chitunda. Wotsika amakoka wokwera.

Izi si za ku Ulaya kokha. Ku Ethiopia anatsegula njanji ya magetsi yochoka ku Addis Ababa kupita ku doko la Djibouti mu 2016, ya makilomita oposa 700, ndipo magetsi a dzikolo ambiri amachokera m'madamu. Anansi athu a ku Tanzania anayamba kuyendetsa sitima ya magetsi kuchoka ku Dar es Salaam kupita ku Morogoro ndi ku Dodoma mu 2024. Ku India, pofika chaka chomwecho, pa makilomita khumi alionse a njanji zawo zazikulu, oposa asanu ndi anayi anali ndi nthambo.

Koma tichenjere pa zinthu ziwiri. Choyamba, magetsiwo achokera kuti? Ku South Africa sitima zonyamula malasha kupita ku Richards Bay zimayendera nthambo, koma magetsi ambiri a dzikolo amawapanga pootcha malasha. Utsi sunathe, wangosamukira kwina. Zili ngati kusesa m'nyumba, zinyalala n'kukazitaya pakhomo pa mnzako. Chachiwiri, nthambo zimafuna ndalama zambiri ndiponso mlonda. Ku Zimbabwe anaika nthambo pa njanji ya pakati pa Harare ndi Gweru mu 1983. Patapita zaka zoposa 20, chuma chitavuta, akuba anadula nthambozo chifukwa cha mkuwa wake, ndipo sitima za dizilo zinabwereranso.

Kwina akuyesa sitima za mabatire. Ku Germany anayamba kuyesa mu 2018 sitima yonyamula anthu yoyendera mpweya wa haidirojeni. Izi zikuthandiza pa maulendo aafupi. Pa mabogi 120 ndi makilomita 912, chodalirika mpaka lero ndi nthambo.

NYANJA IMENE ILI KUMWERA KWATHU

Tsono tifike kwathu. Boma lathu la Maravia limathera pa nyanja ya Cahora Bassa. Damu lake lili ku Songo, ndipo linatsekedwa mu 1974. Madzi atakwera anamiza madimba ndi manda a anthu ambiri a m'mbali mwa Zambezi, ndipo eni ake anasamutsidwa mokakamiza. Pansi pa phiri pali makina asanu amene pamodzi angathe kupanga mamegawati 2,075. Saotcha kanthu. Madzi akugwa ndiwo amawazunguza. Kuyambira mu 2007 gawo lalikulu la kampani ya damuli lili m'manja mwa Mozambique.

Taonani tsono. Magetsi opanda utsi akupangidwa m'chigawo cha Tete. Njanji zonyamula katundu wolemera koposa m'dziko muno zimayambira m'chigawo cha Tete. Koma ziwirizi sizinakumane. Gawo lalikulu la magetsiwo lakhala likugulitsidwa ku South Africa, pa nthambo za makilomita 1,400 zokathera pafupi ndi Johannesburg, pamene dizilo wa sitima zathu timamugula kunja ndi ndalama zakunja, n'kubwera naye pa nyanja. Ife tikuona kuti ngati pali njanji mu Africa muno yoyenera nthambo, ya Nacala ili m'gulu loyamba: katundu ndi wolemera, sitima zimadutsa tsiku lililonse, ndipo mtsinje uli pafupi.

Koma pali funso limene mayi wina anatifunsa pa phunziro, ndipo linatitseka pakamwa. Anati, "Aphunzitsi, sitima iyambe kuona magetsi ife tikuwerenga pa koloboyi?" Ananena zoona. Midzi yambiri ya ku Maravia kuno ilibe magetsi, ngakhale madzi amene amawapanga amagunda gombe lathu. Mu Disembala 2023 boma linasainirana pangano ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo lomanga damu lina pa Mphanda Nkuwa, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, la mamegawati 1,500. Kumenekonso kuli anthu amene adzayenera kusamuka. Magetsi a chigayo, a chipatala cha amayi oyembekezera ndi a sukulu ndi ochepa zedi powayerekeza ndi mamegawati amenewa. Sitima ndi mudzi siziyenera kulimbirana. Koma ngati a m'mudzi safunsa pa misonkhano, nthambo zimadziwa kudutsa pamwamba pa madenga osatsika.

Ndiponso damu limadalira mvula. Pa chilala cha 2024 madzi a m'nyanja yathu anatsika kwambiri, asodzi anaona miyala ndi zitsa zimene zinamira kalekale, ndipo magetsi anachepa. Sitima ya nthambo nayonso idzayang'ana kumwamba monga mlimi.

ZA M'MABOGI

Tasiyira kumapeto nkhani yovuta. Tiyerekeze kuti nthambo zamangidwa, ndipo mutu wa sitima sutulutsanso utsi ngakhale pang'ono. Nanga m'mabogi muli chiyani? Muli malasha. Akupita ku India ndi ku maiko ena, kumene ena amasungunulira chitsulo, ena amapangira magetsi. Tani imodzi ya malasha ikapsa imatulutsa mpweya wa kaboni woposa matani awiri. Dizilo amene anaifikitsa taniyo ku doko ndi malita owerengeka chabe. Utsi wa mutu wa sitima tikauyerekeza ndi utsi wa katundu wake uli ngati chikho cha madzi pambali pa mgolo. Ndipo malasha akapsera ku India, gombeza limene likhuthala ndi lomwelo limene lafunda Chiputo ndi Chipera.

Sitikunena kuti mgodi utsekedwe mawa. Ana athu ena amagwira ntchito kumeneko, ndipo malasha ndi amodzi mwa katundu amene amabweretsa ndalama zambiri zakunja m'dziko lathu. Koma tisanamizane kuti aliyense wapindula. Mabanja oposa 1,000 anasamutsidwa kuti mgodi wa Moatize ukumbidwe, ndipo mu Januwale 2012 amene anawapititsa ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'ambika ndi minda yosabereka. Ndiponso mu 2015 maiko a dziko lapansi anapangana ku Paris kuti achepetse kutentha kwa dziko, Mozambique ali momwemo. Ogula malasha akadzachepa, njanji idzatsala.

Njanji sisankha katundu. Imene yanyamula malasha ikhoza kunyamulanso chimanga cha ku Angónia, soya, nandolo, simenti, feteleza ndi anthu. Pa njanji ya Nacala pamayenda kale mafuta ndi feteleza wopita ku Malawi, ndipo pakati pa Nampula ndi Cuamba pamayenda sitima ya anthu. Abale athu a ku Zambia ali ndi njanji yochoka ku Chipata kulowa m'Malawi pa Mchinji, imene inatsegulidwa mu 2010. Kwa ife a ku Maravia, thumba la feteleza likayenda pa njanji kuchoka ku Beira mpaka ku Moatize, lole imangotsala ndi chigawo chomaliza cha ulendo. Koma kuti phindu lake litifike, msewu wa Bene, Fingoè ndi Zumbo uyenera kupitika nthawi ya dzinja. Thumba lotchipa ku Moatize silithandiza munthu ngati lole yatitimira m'matope mvula yoyamba itagwa kale.

MASAMU A MAWA

Mawa aliyense abwere ndi yankho m'kope mwake. Amene simunazolowere kuchulukitsa, gwiritsani ntchito njere za chimanga, ndipo mukhale awiriawiri.

Lole yamwa malita 100 a dizilo. Lita imodzi imatulutsa makilogalamu 2.7 a mpweya wa kaboni. Yatulutsa makilogalamu angati? Ndi matumba angati a makilogalamu 50, ndipo atsala makilogalamu angati?

Bogi limodzi lanyamula matani 60 a malasha. Tani imodzi ikapsa itulutsa matani awiri a mpweya. Mabogi 120 atulutsa matani angati?

Mulembenso mawu atatu awa, lililonse katatu: njanji, magetsi, mvula.